Kapitao Wake Uti?

Kwa a Zuze, ng'ombe yokoka kudzanja lamanja m'goli imatchedwa Kapitao. Ya kumanzele ikhoza kukhala Sitima, Bulaki, kapena dzina lililonse limene lamukomela munthu, koma ya kumanja ndi Kapitao basi. Zinali choncho kwa atate ake a Vitalis Zuze kutsidya kwa malile, nkhondo ya ku Mozambiki isanawabalalitse. Vitalis atatsala kuno, pamene anzake a m'kampu ya othawa nkhondo ankakwela malole kubwelela kwawo, ng'ombe yoyamba imene anagula atakolola thonje anaipatsa dzina lomwelo. Iye ankati dzinalo ndi la malo, monga ufumu: wina akachoka wina amalowa, ndipo pakamwa pa wolima sipaphunzila mawu atsopano.

Kapitao wa chaka chimenecho anali wachitatu kuno ku Sasare. Amene anamutsogolela anali chimphona chakuda, chothyoka nyanga ya kumanzele, ndipo anafela m'dzenje lakale la mgodi wa golide, mmene anagwela m'chilimwe cha chaka chathacho akufunafuna madzi. Wolowa m'malo mwake anali wamng'ono, wofiila, wa miyendo yaitali, nyanga zonse ziwili zili chilili. Anali atangophunzila kumene kutsata mzele pambali pa Sitima, mnzake wa kumanzele.

Mitambo itayamba kusonkhana, anthu n'kuyamba kudzoza mafuta mapulawo, Kapitao anasiya kudya bwino. Ubweya unaima. Maso ankatsika misozi, ndipo patsogolo pa mapewa panatupa. Zinzake zikamapita kubusa iye ankatsala m'mbuyo, mutu uli pansi, ngati munthu amene wataya kanthu m'njila. Vitalis anaganiza za kashembe, ntchentche yoluma ija, pakuti m'chilimwe ng'ombe zinkatsikila kumadambo a m'nkhalango. Koma nkhupakupa nazo zinali mbwee m'makutu. Anadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti Sitima sangakoke pulawo yekha, ndipo munda wa a Zuze ndi wadothi lolimba losamva khasu.

Kale nkhaniyi ikanakhala yapafupi. Kunali bambo wina wa boma amene ankazungulila midzi pa njinga yamoto, ndipo dibi losambitsilamo ng'ombe linkanunkha mankhwala sabata iliyonse. Koma chibwelele zipani zambili, boma linati aliyense adzionele yekha ziweto zake. Bambo uja anamupumitsa ntchito. Dibi linauma, moti mbuzi zinkagonamo masana. Mankhwala anachoka m'manja mwa boma n'kukakhala m'tuntemba, timasitolo ta m'mbali mwa msewu, pambali pa sopo ndi mabatile, ndipo anthu ankabaya mongoganiza. A Febian, ochita malile a munda ndi a Zuze, anabaya ng'ombe yawo ya mkaka m'mawa wina, dzuwa lisanafike pamutu anali akunola mipeni.

"Muimbile adokota aja a ku Petauke," anatelo Dorika, mkazi wa Vitalis, akuyang'ana Kapitao pamwamba pa mpanda wa khola. "Aja anabwela kuno nthawi ija. Akuti anasiya za boma, ali ndi sitolo yawoyawo."

Foni m'dela lonselo inali imodzi, ya Josiah Daka, amene anakwatila mlongo wake wa Vitalis ndipo anali ndi kantemba pamphambano. Foniyo inkagona m'sokosi. Kuti ilankhule, munthu ankayenela kukwela nayo kaphili ka kuseli kwa sukulu, n'kuima pamwala wina wosalala, nkhope atalozetsa kumsewu waukulu.

"Mulamu, tikafika musakuwe," anatelo Josiah ali wefuwefu pachitunda. "Foni si kuitana ng'ombe kutsidya kwa Zambezi."

"Inu ingokwelani, mimba yakulemelani."

"Ndipo musaiyambe Chipwitikizi chanu chija. Siimva. Inabadwila ku Lusaka iyi."

"Chinsenga chanu imamva bwanji, pamene ife anthu amoyo chimatigonjetsa?"

Josiah anaseka, n'kusolola foni m'sokosi, nadinadina manambala ndi chala chachikulu. Kenako anaipeleka ndi manja awili ngati mbale ya kwa apongozi.

Mawu a amai Jennipher Mumba, dokota wa ziweto, anamveka aang'ono, ngati akuchokela m'botolo. Vitalis anadzitchula dzina ndi kwawo, nafotokoza kuti ng'ombe yake ya m'goli yadwala, ndipo mvula ili pafupi.

"Bambo Zuze, ndiyambe ndakuuzani," anatelo adokota. "Lamulo la ntchito yathu silindilola kutchula mankhwala ndi mlingo wake pa foni, ngati chiwetocho sindinachionepo ndi maso anga n'kuchigwila ndi manja. Malangizo wamba ndingapeleke. Za jekiseni ayi."

Vitalis anayang'ana kumadzulo, kumene mitambo inali itadetsa mapili. Petauke ndi kutali, ndipo ng'ombe yodwala siikwela basi.

"Nanga yadwala ndi iti?" anafunsa adokota.

"Kapitao."

"Kapitao? A Zuze a pakhomo pa mango waukulu pafupi ndi khola? Ameneyo ndimudziwa. Ndinamugwila ndi manja angawa. Lankhulani, ameneyo tingakambe."

Mtima wa Vitalis unakhala pansi, ndipo m'kukhala pansi mmenemo simunalowe funso lina lililonse. Anayankha zonse zimene anafunsidwa. Nkhama zake zayela kapena n'zofiila? Zayela, ngati nyama yotsukidwa. Mkodzo? Wabwinobwino. Akutsokomola? Ayi. Ankamwela kuti m'chilimwe? Kumadambo a m'nkhalango. Adokota anati zikuoneka kuti ndi matenda a kashembe, ndipo anatchula ufa wachikasu wa m'mapaketi, umene Josiah anali nawo m'kantemba. Anati ayang'ane tsiku lotha mphamvu pa paketi. Anamuuza mapaketi ake, madzi ake owilitsa n'kuzizilitsa, ndi malo obaya pakhosi pamene pali mnofu wambili. Vitalis ankabweleza mawu aliwonse monga ankachitila pa katekisimu.

"Mlingo umenewu ndi wa thupi lake, musaonjeze," anatelo adokota. Mawu anayamba kudukaduka. "Ndipo mukamusisite pa chitsa cha nyanga yake ija. Mukamuuze kuti amai amene anamuchotsa mphutsi akupeleka moni."

Foni inazima. Vitalis anakhalabe ataigunditsa kukhutu.

"Yatha, mulamu. Mukumvela chiyani, nyimbo?"

"Akuti ndikasisite chitsa cha nyanga."

Josiah anamuyang'ana, kenako anaimba mluzu pang'onopang'ono. "Akunena malemu."

Anatsika kaphili. Atafika pakantemba, Josiah anatsitsa mapaketi achikasu pashelefu, nawapukuta fumbi pa thalauza, n'kuwaika m'dzanja la mlamu wake pamodzi ndi jekiseni wamkulu.

"Simunaname," anatelo. "Anafunsa dzina, mwatchula dzina. Kapitao ndi Kapitao, si inu nomwe mumatelo? Matenda atchulidwa, mankhwala ndi awa. Uyu ndi wamng'ono, ndiye chepetsaniko pang'ono, basi."

"Pang'ono pake n'potani?"

"Ndi maso. Mchele m'ndiwo amauyeza ndani?"

"A Febian nawo anayeza ndi maso."

"A Febian ndi a ng'ala. Mvetselani, mulamu. Mukabwelela kukawauza, akuuzani za lamulo lija, ndipo mutsala ndi lamulo m'manja, ng'ombe ili pansi. Lamulo silikoka pulawo."

Vitalis anaika mapaketi m'thumba la malaya n'kunyamuka. M'njila ankadziuza kuti Josiah akunena zoona. Sananame. Ndipo mayi uja wamva zizindikilo zonse, kodi nyanga ndi imene imadwala?

Anapeza Dorika akusankha mbewu ya chimanga pamkeka. Anamuuza zonse, ndi za moni womwe, koma za moniyo anazinena mothamanga ngati munthu wodutsa pakhomo pa galu wolusa. Dorika anapitiliza kusankha. Njele zofumbwa ankaponyela nkhuku.

"Ndiye adokota achilitsa Kapitao wake uti?" anafunsa.

"Kapitao ndi mmodzi."

"Pakamwa panu ndi mmodzi. M'khola mwagona atatu." Anakankhila lichelo pambali. "Bambo ake a Lazaro, mwana wathu uja ali ku Chipata tinamupatsa dzina la atate anu, eti?"

"Inde."

"Tsiku limene tinamutcha dzinalo, munamuveka jekete la atate anu?"

Vitalis anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwele.

"Dzina analandila," anatelo Dorika, "koma mapewa anali ake. Mayi uja akamalankhula pa foni, m'maso mwake mwaima chimphona chakuda chija. Akuyeza mankhwala a ng'ombe imene inafela m'dzenje."

"Ndichepetsa."

"Chepetsani. Ng'ombe ndi yanu. Koma ikagwa musadzati adokota ndiwo anatelo."

Vitalis anapita kukhola. Kapitao anali ataima pamthunzi wa mango, ntchentche zili m'maso. Anamusisita pamphumi, dzanja n'kukwela lokha kumanzele, kumene linazolowela kupeza chitsa chokhakhala. Linapeza nyanga yathunthu, yosalala, yotentha ngati yagona padzuwa. Chaka chonsechi ankaitana dzina limodzi, ndipo anazindikila kuti ng'ombe iyi anali asanaiyang'anitsitse payokha. Ankangoona malo a kumanja m'goli ali odzaza.

Dzuwa litapendeka anabwelela kukantemba.

"Mwabaya?" anafunsa Josiah.

"Tengani sokosi yanu."

"Amuna inu. Mawondo angawa mudzawalipila kumwamba."

Pakaphili Vitalis anawauza adokota kuti Kapitao wa nyanga yothyoka uja anafa, wodwalayu ndi wina.

"Zikomo pondiuza," anatelo adokota. "Musabaye. Zimene ndinanena zija zifafanizeni. Cholakwa ndi changanso, ndinafunsa dzina m'malo mofunsa ng'ombe."

"Amai, ndikufotokozeleni mmene alili. Msana wake umandifika pachifuwa."

"Chifuwa chanu sindinachiyezepo, bambo Zuze."

"Ndiye mungogawa pakati."

"Ufa umenewo ukachuluka m'thupi lofooka umapha. Ukachepa, matenda amauzolowela, ndipo mawa lake sugwilanso ntchito. Komanso pa ng'ombe yaing'ono yotupa m'mapewa, ndiyenela kuganiza za nkhupakupa, ndipo amenewo mankhwala ake ndi ena. Wakale uja ndinkamudziwa kuti matenda a nkhupakupa anapola nawo kalekale. Uyu sindimudziwa. Pa foni ndimamva mawu anu, kupuma kwake sindikumva."

"Mvula ikubwela, amai."

"Ndikudziwa. Ndikuiona ndili pano."

Anamuuza zimene akanatha kuuza munthu aliyense. Ng'ombeyo ikhale pamthunzi, payokha. Madzi aziipezela pomwepo, isayende. Aziipatsa masamba aawisi ndi mchele pang'ono, nkhupakupa azizichotsa ndi manja, ndipo goli lisaikhudze. Anati lole ya kampani ya thonje inali kudzabweletsa mbewu cha kumeneko, ndipo adzapempha malo kutsogolo.

"Liti?"

"Akuti mailo."

Josiah, amene anali atagunditsa khutu lake kuseli kwa foni, anapukusa mutu, pakuti kuno mailo ndi mawa, mailo ndi dzulonso. "Mailo a lole ya kampani," anatelo akuibweza m'sokosi, "sudziwa ngati ndi apitawa kapena akubwelawa."

Mailo anafika, lole sinafike. Inafika ndi mvula. Inagwa yamphamvu, yonunkhila fumbi, ndipo kutacha dziko lonse linali phokoso la anthu olima. Kuchokela pakhomo pake Vitalis ankamva a Febian akukalipila ng'ombe zobweleka, ndi zikwapu zikulila kutsidya kwa dambo. Sitima ankayendayenda m'khola, akumayang'ana goli lopachikidwa pamtengo.

Vitalis ndi Dorika anatenga makasu. Dothi la m'munda mwawo likanyowa limamatila, ndipo khasu lililonse limabwela ndi mtolo wake. Ankalima mpaka msana kukana, kenako Vitalis ankapita kudambo kukamweta udzu wanthete ndi kutunga madzi a Kapitao. Pobwelela ankaima pamphambano n'kuyang'ana msewu. Ankangoona njinga ndi matope.

Mapaketi achikasu anawasomeka m'denga la khonde. Sanawabweze kwa Josiah. Masana ena atapeza Kapitao atagona pansi, khosi atalitambasula, anakawasolola n'kuwaika pampando, nawilitsa madzi. Anakhala pamenepo akuyang'ana nthunzi. Mumtima munali ukali umene unalibe poulozetsa. Kwa mayi uja sunkakhala, chifukwa anamva m'mawu ake kuti nayenso sizinamukomele. Ankaganiza za anthu amene analemba lamulolo. Mwina analilemba bwino, pakuti ndi zoona kuti munthu sachilitsa chimene sanachione. Koma analilemba m'masiku amene woona analipo, akuyenda pa njinga yamoto mudzi ndi mudzi. Tsopano anachotsa woonayo, lamulo lakuti aone n'kulisiya. Zinali ngati kuuza munthu kuti asamwe madzi osaphimba, chitsime utachikwilila.

Dorika anabwela n'kuima pambali pake. Anangotenga chidebe n'kupita kukhola, nayamba kuthila madzi pang'onopang'ono pamsana pa ng'ombeyo, akuilankhula Chinyungwe cha kwawo chimene sankachilankhulanso ndi anthu. Vitalis anamuyang'ana mpaka madzi a m'poto anazizila. Kenako anabweza mapaketi m'denga, natenga chingwe, ndipo awiliwo anaidzutsa ng'ombeyo, wina kumutu wina kumchila, kuti isagonele mbali imodzi.

Josiah anadutsa madzulo ake atanyamula mchele. Sanaseke. "Ndakwela kaphili ndekha," anatelo. "Akuti lole inatitimila pamtsinje, akuikumba. Mayi uja ali momwemo."

Adokota anafika m'mawa mwake, wapansi kuchokela pamphambano, atavala majombo ndi chitenje pamwamba pa ovolosi, matope mpaka m'mawondo. Anali wamfupi kuposa mmene Vitalis ankamukumbukila. Anakana mpando, napita molunjika kukhola.

Sanafulumile kuikhudza ng'ombeyo. Anaima kaye n'kuiyang'ana, naizungulila, akuona mmene nthiti zikukwelela ndi kutsika. Kenako anaitsegula pakamwa, naitembenuza chikope, nakanikiza zotupa za m'mapewa ndi zala. Anaiyeza kutentha. Anagunditsa khutu pachifuwa pake nthawi yaitali, maso atatsinzina. Pomaliza anatulutsa lamba woyezela ngati wa atelala, naukulunga kuseli kwa miyendo ya kutsogolo, n'kuwelenga.

"Ndi kashembe ndithu," anatelo. "Pamenepo sitinaphonye."

Vitalis anasendela pafupi. "Ndiye ndikanabaya tsiku lija..."

"Bweletsani mapaketi aja."

Anasungunula ufa, nakoka m'jekiseni, ndipo anamuonetsa pamene madzi achikasu analekela. Kenako analoza ndi chikhadabo pamwamba, kutali ndithu, pamene mlingo wa pa foni ukanafika.

"Apa ndi pa uyu. Apa ndi pa malemu. Akanapilila kapena ayi, sindidziwa, ndipo sindikunamizani kuti ndikudziwa. Ena amapilila. Ambili ofooka chonchi sadzuka." Anabaya pakhosi, natikita malowo ndi chibakela. "Kudikila nako kwamudya, musaganize kuti sindikuona. Magazi ake achepa. Chaka chino goli aliiwale."

"Chaka chonse?"

"Ngati mukufuna adzalime chaka chamawa."

Vitalis anayang'ana kumunda, kumene kachigamba kolimidwa ndi makasu kankaoneka ngati mkeka woyala pabwalo la mpila. Analankhula mofatsa, osamuyang'ana mlendoyo.

"Amai, lamulo lanu ndalisunga. Koma ndifunseko. Amene analiika akudziwa kutalika kwa msewu uwu?"

Adokota anali akutsuka jekiseni. Anapukuta manja pa chitenje. "Ena akudziwa. Pamisonkhano timakangana nkhani yomweyi, makamaka chibwelele mafoni. Ena akuti tilole, anthu akuvutika. Ena akuti tikalola, aliyense wokhala ndi foni ndi shelefu adzakhala dokota. Ine ndimaima pakati, matope mpaka m'mawondo." Anamwetulila pang'ono. "Njinga yamoto anatenga, lamulo anandisiyila. Koma ndikalitaya nalonso, nditsala ndi chiyani chondisiyanitsa ndi kantemba?"

"Kantemba kamva," anatelo Josiah, amene anali atafika mwakachetechete n'kutsamila mpanda.

"Inu ndinu a foni? Mapaketi awa muziwachotsa padzuwa."

"Ndimawaika pawindo kuti anthu awaone, amai."

"Akuwaona, ndipo dzuwa nalo likuwaona."

Asanachoke anapempha kuti amutulutsile ziweto zonse. Anamugwila Sitima, namuyeza ndi lamba, namuyang'ana mano. Anagwila ng'ombe yaikazi ndi mwana wake. A Febian atamva anabwela ndi zawo ziwili zotsala, ndipo ena anatsatila, mpaka pansi pa mango panadzaza ndowe ndi phokoso. Aliyense ankafuna kuti ng'ombe yake ionedwe, kuti tsiku lina idzathe kukambidwa pakaphili. Adokota sankafunsanso dzina lokha. Ankafunsa mtundu, msinkhu, chipsela, ndi kumene khutu linang'ambika.

"Ndipo inu a Zuze," anatelo atanyamula chikwama, "ufumu ukadzasintha m'golimo, mudzandiuze."

Dorika anamupatsa nkhuku yomanga miyendo ndi luzi, ndipo lole inaliza hutala pamphambano.

Kapitao anadzuka yekha patapita masiku, nayamba kubudula udzu mozengeleza ngati mlendo wamanyazi. Sitima anamangidwa m'goli limodzi ndi ng'ombe yaikazi ya Josiah, imene sinkadziwa mzele ndipo inkaima paliponse pamene yafuna. Inkakoka kudzanja lamanja, koma Vitalis sanaitche Kapitao. Ankangoti "iwe", ndipo Josiah ankati ndi chipongwe kwa ng'ombe ya banja lolemekezeka. Analima mochedwa, theka la munda, mizele yokhotakhota. Mbali inayo inamela udzu, ndipo Kapitao ndiye anaudya.

Chimanga chitayamba kuuma, Kapitao anatupa bondo la kutsogolo atapunthwa pamwala. Vitalis anakwela kaphili ndi mlamu wake, naima pamwala wosalala uja, nkhope kumsewu waukulu.

"Ndine Zuze, wa ku Sasare. Ndi Kapitao, amai."

"Kapitao wake uti?"

"Wofiila. Wa nyanga zonse ziwili."

"Ameneyo ndimudziwa," anatelo mawu aang'ono a m'botolo aja. "Lankhulani."